Tsitsi la Ana a ku Tembwe

Loko anali wokhoma bwinobwino, wosapindika, wopanda ngakhale kachipsera. Sajeni Fridah Kumwenda anamutembenuza kawiri m'manja mwake, kenako anasuzumiranso m'kabati. Maikulosikopu ya chipatala inali pamalo pake, itafundidwa nsalu. Mabotolo a mankhwala anali ndandanda. Pashelefu yapakati pokha ndi pamene panali kamalo koyera, ka makona anayi, kamene fumbi silinafikepo.

"Linali apo," anatero mayi amene anaima kumbuyo kwake. "Bokosi lamalata, la mabisiketi. Lakhala apo masabata awiri. Loweruka masana ndinalitsekula komaliza, zonse zinalimo."

Mayiyo anali Dokotala Mwaka Sitali. Sanali dokotala wobaya jekeseni ayi, koma wa sayansi, mwana wa ku Mongu amene ankagwira ntchito ku Ulaya. Anabwera ku Chama mu Novembala chaka cha 1995 chifukwa cha kalata ya dokotala wa chipatala chaching'ono cha mishoni chimenechi. Kuyambira Okutobala, ana a m'midzi yozungulira Tembwe ankanjenjemera manja, ankayenda dzandidzandi ngati oledzera, ena maso n'kuyamba kuchita chidima. Sanali malungo, sikanali kaodzera. Anadwala makumi atatu ndi mmodzi, asanu ndi mmodzi anali atagona kale kumanda. Magazi anatumizidwa ku Lusaka kawiri, ndipo kawiri konse anawonongeka panjira ndi kutentha.

Fridah sankafunika kuuzidwa zimenezi. Pabedi lachinayi m'wodi ya ana panali Purity, mwana wa mng'ono wake.

"Munali chiyani m'bokosimo?"

"Maenvulopu makumi atatu ndi imodzi. Iliyonse ili ndi tsitsi la mwana mmodzi. La amene anamwalira ndinameta ndekha asanawaike."

"Munthu angabe tsitsi n'kusiya maikulosikopu?"

"Angabe ngati akudziwa chimene tsitsilo linganene." Mwaka anakhala pampando. "Kumene ndimagwira ntchito kuli makina otchedwa sinkirotironi. Ndi paipi yozungulira, yaikulu kuposa bwalo la mpira kangapo. M'katimo mumathamanga tizidutswa ta magetsi usana ndi usiku, ndipo tikamakhota timatulutsa kuwala koposa ekisireyi ya chipatala kutalitali, koma kowonda kuposa tsitsi. Ndikaika tsitsi limodzi pakuwalako, ndimaona chiphe chimene chinalowa m'thupi: kaya mtovu, kaya mekyule, kaya aseniki. Tsitsi limakula pang'ono mwezi uliwonse, ndiye ndimaonanso mwezi umene chinalowa. Adokotala pano sangapereke mankhwala asanadziwe chiphe chake. Akalakwitsa, impso za ana zifa."

"Makinawo akudikirani mpaka liti?"

"Sadikira munthu. Anthu amachokera m'mayiko onse, amalembetsa chaka chathunthu kuti apatsidwe maola ochepa. Ine andipatsa maola asanu ndi atatu, Loweruka lino, kuyambira 8 koloko m'mawa. Lolemba lotsatira azimitsa makina kuti akonze, mpaka Febuluwale. Ndege yanga ndi ya Lachitatu ku Lusaka. Landirova ikapanda kunyamuka pano pofika 12 koloko, mvula ititsekera njira ya ku Lundazi."

Fridah anayang'ana wotchi. Inali itangopitirira 8 koloko, m'mawa wa Lolemba.

"Metaninso ana ali m'wodiwo."

"Pitani mukawaone, Sajeni. Amayi awo awameta mpala onse dzulo. Palibe ndi katsitsi komwe."

* * *

Mlonda, Meshack Goma, anali pageti ndi chibonga chake, ataima chilili ngati msilikali. Anali bambo wachikulire wa Chisenga, Chinyanja chake chochita kutolera.

"Yayi, amama, pano palibe analowa. Ine pano dzulo Sabata yonse, m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Olo nkhuku sinadutse."

"Ba Chanda a ku labu sanabwere?"

"Aa, ba Chanda anabwera, koma ni antchito."

"Nthawi yanji?"

Meshack anayang'ana kumwamba. "Dzuwa linali... apo. Kapena apo."

"Adada, ulaliki unali wotani dzulo?"

"Unali wabwino maningi, ansembe anakamba za Yohane m'chipulu..." Anatseka pakamwa, chibonga n'kutsika pang'onopang'ono.

"Sindinabwere kudzakuchotsani ntchito," anatero Fridah motsitsa mawu. "Munachoka nthawi yanji, munabwerera nthawi yanji?"

"Belu loyamba ninapita. Ninabwela Misa isanasile, amama, Mulungu aona. Ninali kupempherera ana omwewa."

"Pobwera munaona yani?"

"Kuona yayi. Koma kumva ninamva. Honda. Inachoka kuseli kwa labu, kupita njira ya kumashedi. Geti sinapitile, inadutsa pampanda pogumuka paja."

Fridah anawerenga mumtima. Pa boma ponse njinga zamoto zinalipo zitatu. Ya ansembe, koma ansembe anali paguwa, Meshack yemweyo ndiye mboni. Ya dokotala wa ziweto, imene inali itakhala pa njerwa kuyambira Ogasiti, yopanda gudumu lakutsogolo. Yachitatu inali ya Gordon Mtonga, mlangizi wa bungwe lina lothandiza alimi, amene ankakhala ku Tembwe.

* * *

Chanda Mulenga, wa ku labu, anali mnyamata wa ku Kitwe, wolankhula mothamanga ngati akuthawa basi. Anali kutuluka thukuta ngakhale kunali mitambo.

"Ba Sajeni, makiyi ali na ine nthawi zonse. Onani, namangilila na ku lamba. Ine siningabe tsitsi, nizachita nalo chani?"

"Dzulo munatsekula labu?"

"Ten koloko, kuthila palafini mu fuliji. Ninakhoma futi."

"Makiyi sanachoke palamba?"

Chanda anayamba kupukuta magalasi ake ndi malaya.

"Ba sisita anakuwa ku wodi. Kamwana kena kanayamba kugwa khunyu, kanali kudziluma lilime. Ninathamanga. Makiyi anasala pa chitseko, onse pamodzi na kiyi ya loko ya kabati."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Hafu awa. Kapena kupitilila. Pobwela ninapeza chitseko chili mwamene ninasiyila, kabati yokhoma. Sininaganize vakuti nitsegule." Anavalanso magalasi aja. "Kamwana kaja kanamwalila m'manja mwanga, ba Sajeni. Ni ka namba seveni. Mutu wanga sunali pa makiyi."

Amene Mwaka anawameta asanaikidwe anali asanu ndi mmodzi. Tsopano anali asanu ndi awiri.

"Ndani ankadziwa kuti bokosi limakhala m'kabati iyi?"

"Ine, ba Dokota Mwaka, na ba Gordon. Ndiye anali kuwapeleka mu minzi na Honda, kumasulila Chisenga. Chisanu tinali tonse atatu muno, kulemba manamba pa maenvulopu. Ba Dokota anali kutifotokozela vamakina yao. Ba Gordon anafunsa ati, 'Olo mwezi weniweni izaonesa?' Anafunsa kawili."

Panja panamveka kulira kwa njinga yamoto ikulowa pageti.

* * *

Gordon Mtonga anatsika panjinga n'kuvula chipewa. Anali munthu wamtali, wofatsa, wodziwika ku Tembwe konse ngati mlangizi amene sakana kunyamula wodwala. Maso ake anali ofiira.

"Ndamva pamsika, ba Sajeni. Zachisoni kwambiri. Ndabwera kudzatsanzikana ndi adokotala, manje ndikupeza izi."

"Mwachokera kuti?"

"Ku Tembwe. Ndanyamuka mbandakucha. Dzulo lonse ndinali kunyumba."

"Mukuganiza kuti watenga ndani?"

Gordon anapukusa mutu. "Anthu athu ali ndi mantha. Kumidzi kwamveka kuti tsitsi la ana likupita kwa azungu kukapangira zamatsenga. Kholo lina likhoza kulowa n'kutenga. Musawaweruze, ndi umbuli chabe."

Ankalankhula bwino, mosathamanga. Fridah anavomera ndi mutu, koma maso ake anali panjinga. Magudumu anali ndi fumbi lofiira, louma. Nsapato za Gordon zinali zouma, thalauzi lake louma mpaka kumapazi.

"Musapite patali, ba Mtonga. Ndifuna mundithandize kufunsa amayi aja m'Chisenga."

"Ndili pompano," anatero Gordon.

Inali 10 koloko. Kumpoto mitambo inali itada bii.

* * *

M'wodi ya ana munali chete wosautsa. Timitu tonse tinali mbee, tometedwa ndi lezala, tina tili ndi timabala. Purity, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anali chigonere, maso ali kudenga, zala zikugwedera zokha pabulangete. Mayi ake, Damaris, anakhala pansi atatsamira khoma. Anali atawonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera.

"Asisi," anatero Damaris osadzuka. "Lero sanandizindikire. Ndamuitana katatu."

Fridah anagwada n'kugwira kadzanja ka mwanayo. Kanali kotentha, kopepuka ngati ka mbalame. Anadzikumbutsa chimene anadzera.

"Alamu anabwera dzulo monga ananenera?"

"Abwera bwanji? Mtsinje wa panjira ya kwathu ku Tembwe wadzaza kuyambira Loweruka masana. Kumapiri kunagwa chimvula. Mayi uyo wafika m'mawa uno ndi mwana kumsana, wawoloka madzi ali m'khosi, amuna awiri atamugwira. Akuti ngakhale ngolo ya ng'ombe yabwerera."

"Njinga yamoto ingawoloke?"

"Iuluke kapena."

Fridah anaima pang'onopang'ono. "Damaris, n'chifukwa chiyani mwameta ana?"

Damaris anayang'ana amayi anzake. Onse anazolika.

"Anatiuza kuti adokotala aja abweranso kudzatenga tsitsi lina, ndipo likafika kutsidya kwa nyanja ana athu sadzachira. Anati tiwamete msanga, tsitsilo titaye m'chimbudzi."

"Anakuuzani ndani?"

"Anati tisatchule."

"Damaris, yang'ana mwana wako. Ndani?"

"Ba Gordon. Dzulo m'mawa, anthu ali ku tchalitchi. Anatipeza kukhitchini kwa odikirira odwala." Damaris anagwira siketi ya yunifolomu ya mkulu wake. "Asisi, musawachite choipa. Munthu uja ndiye anatipulumutsa chaka chino."

Fridah sanafunse tanthauzo la mawuwo. Anali atamva kale njinga ikulira panja. Pamene ankafika pakhonde, inali ikudutsa pampanda pogumuka paja.

* * *

Landirova ya chipatala inali italongedwa kale katundu wa Mwaka. Fridah anakankhira dalaivala kumbali ndi mawu okha, Mwaka n'kudumphira kumbuyo. Mashedi anali kumapeto kwa boma, nyumba zitatu zamalata za kopaletivi ina imene inatha kalekale. Kuseri kwa shedi yomaliza kunkatuluka utsi woonda.

Anamupeza Gordon atanjuta pambali pa mbaula, bokosi lamalata lili pansi chotsekula. Fungo la tsitsi lopserera linawalandira asanatsike n'komwe. Gordon sanathawe. Anali ndi envulopu m'dzanja, ndipo ataona yunifolomu anangoigwira, osaiponya pamoto, osaibweza.

Mwaka anafika poyamba. Anagwada m'fumbi n'kukumbatira bokosilo, akuwerenga maenvulopu.

"Zisanu ndi zinayi," anatero. "Zatsala zisanu ndi zinayi zokha."

"Khumi," anatero Gordon, n'kumupatsa imene inali m'dzanja lake. "Dzulo lonse ndinakhala nalo muno. Ndinalephera kuwotcha. Pa envulopu iliyonse pali nambala, koma ine ndimadziwa nambala iliyonse ndi mwana wa yani. Lero nditaona kuti mwayang'ana magudumu, ndinati basi."

Fridah anamumanga unyolo. Manja a Gordon anali ozizira.

"Mumaopa kuti makina aonetsa mwezi. Mwezi wanji?"

"Seputembala."

"Chinachitika n'chiyani mu Seputembala?"

Gordon analoza ndi chibwano chitseko cha shedi. Fridah anachikankha. M'katimo munali mdima ndi fungo la mankhwala. Pakona panali matumba asanu ndi limodzi, akale, zolemba zake zitafufutika. Thumba limodzi linali lobooka, ndipo chimanga chimene chinatayikira pansi chinali chofiirira ngati chapakidwa utoto.

"Mbewu," anatero Mwaka ali pakhomo. "Yopaka mankhwala."

"Inasiyidwa muno zaka zambiri, mwini wake palibe," anatero Gordon. "Ba Sajeni, inu mumalandira ufa ku kampu. Simunaone Tembwe mu Seputembala. Mvula ya chaka chatha inakana, nkhokwe zinali mbee kuyambira Juni. Anthu ankadya mizu. Chimanga cha chithandizo ankati chikubwera, chikubwera, osafika. Ndinaika ana awiri a mnansi wanga sabata imodzi, njala yokhayokha. Ndiye ndinakumbuka shedi ino. Matumba analipo makumi anayi. Ndinatsuka chodzaza chitini chimodzi katatu ndi phulusa, utoto unachoka, ndinaphika, ndinadya ndekha. Ndinadikira sabata. Sindinamve kanthu. Ndinayamba kututa pa Honda, thumba limodzilimodzi."

"Ana atayamba kudwala simunaganize?"

"Ndinaganiza. Ndinadziuza kuti ndi madzi a pachitsime. Ndinadziuza kuti ndi matenda a ntchentche. Ndinawayendetsa adokotalawa midzi yonse ndikupemphera kuti apeze china. Lachisanu atanena za mwezi, ndinadziwa kuti makinawo atchula ine."

"Makina satchula munthu," anatero Mwaka. Misozi inali kutsika koma mawu ake anali ouma. "Akanangotchula chiphe. Mukanandiuza tsiku loyamba, tikanafunsa Lusaka za mbewuyi mwezi wathawu. Ndi mankhwala anji anapakamo?"

"Sindidziwa. Zolemba zinafufutika ndisanabwere kuno."

Mwaka anang'amba pepala m'buku lake, anatola njere zodzaza dzanja, anazikulunga n'kuziika m'bokosi pamodzi ndi maenvulopu khumi aja.

"Zikwana?" anafunsa Fridah.

"Zikwana kudziwa chiphe. Ndikalowa 8 koloko, pofika masana ndidzakhala ndaona. Ndidzatumiza fakisi ku Chipata, iwo adzakuuzani pa wailesi ya polisi. Makina akapanda kuzima, ndege ikapanda kuchedwa." Anayang'ana kumwamba. Madontho oyamba anali atayamba kugogoda malata a shedi. "Ana apirire mpaka Loweruka."

"Pitani," anatero Fridah. "Musabwererenso ku chipatala. Ife tiyenda pansi."

Landirova inabwerera chambuyo, inakhota, n'kulowa mumsewu wa ku Lundazi matope asanayambe. Inali 11 koloko ndi theka.

* * *

Anayenda awiriwiri mumvula yowaza, Gordon patsogolo, manja ali kumbuyo. Anthu a pamsika anasiya zogulitsa n'kumayang'ana. Fridah ankaganiza za mtsinje, za midzi ya kutsidya, za amene angatumidwe kukawoloka lero lomwe kukachenjeza anthu.

"Mundilembera mayina a nyumba zonse zimene zinalandira," anatero. "Imodzi osasiya. Chatsala chochuluka bwanji kumidziko?"

"Chochepa. Ambiri anagayitsa chonse." Gordon anaima. Anatembenuka, ndipo nkhope yake inali ngati ya munthu amene wadzidzimuka kutulo. "Ba Sajeni. Simunawafunse amayi aja chimene akudya?"

"Adokotala anawafunsa. Anati nsima ndi phala."

"Ndinawalumbiritsa kuti asatchule za mbewu, ndinati boma lingawamange. Chipatala chimapatsa odwala chakudya kamodzi patsiku. China chonse amaphika okha." Anayang'ana ku chipatala. "Ufa anabwera nawo kuchokera kumudzi."

Fridah anamusiya pomwepo pamsewu, unyolo uli m'manja. Anakuwira wogulitsa makala kuti agwire Gordon, koma sanacheuke kuti aone ngati wamva. Anathamanga. Chipewa chinagwa, sanatole. Anadutsa pageti Meshack akumuitana, anadutsa labu, anaterereka pakhonde n'kudzukanso.

Kukhitchini kwa odikirira odwala kunali mafuwa asanu ndi limodzi, onse ali ndi miphika. Anagubuduza woyamba ndi phazi, wachiwiri, wachitatu, amayi akukuwa, phala likuyenderera m'phulusa. "Musawapatse! Aliyense asapatse mwana!" Damaris panalibe.

Anamupeza m'wodi, atakhala pabedi lachinayi, mutu wa Purity uli pamiyendo pake. M'dzanja limodzi munali kapu yapulasitiki, m'dzanja lina sipuni. Fridah analanda kapuyo. Inali itatsala theka.

"Wadya, asisi," anatero Damaris, nkhope ikuwala koyamba m'masabata atatu. "Lero wadya. Masipuni khumi ndi awiri, ndawerenga."

"Ndi ufa uja. Ufa wa ba Gordon. Ndiwo ukuwadwalitsa."

Damaris anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana sipuni. Anayang'ana kukamwa kwa mwana wake, kumene kunali kadontho ka phala, n'kukapukuta ndi chala pang'onopang'ono.

"Ndinatsuka katatu," anatero. "Ndi phulusa. Monga anatiuzira."

"Ndikudziwa."

"Ine ndimadya kamodzi, kuti iye adye katatu."

Amayi ena anali atadzaza pakhomo la wodi, ena ndi mithiko m'manja. Mvula inali itakula padenga. Damaris anaika sipuni pabulangete, anakokera mwanayo pachifuwa, n'kukweza maso kwa mkulu wake.

"Nanga madzulo ano ndimupatsa chiyani?"

Fridah anatulutsa kiyi wa nyumba yake ya ku kampu n'kuuika m'dzanja la mayi amene anali pafupi.

"Kuseri kwa chitseko kuli thumba la ufa, langoyambidwa kumene. Tengani lonse, mugawane. Miphika mutsuke ndi mchenga."

Mayiyo anawerenga mabedi ndi maso, n'kuyang'ana kiyi uja.

"Lingofika Lachinayi n'kutha, amama."

"Likafika Lachinayi mudzandiuze," anatero Fridah. Anatenga kapu ija, umboni wake woyamba, n'kutuluka nayo mumvula kukafuna anthu odziwa kusambira.